Tileke kuphunzitsa ana kuti "enter" ndi kulowa basi

Mlendo akaima pakhomo n'kunena kuti "Odi!", mwininyumba amayankha kuti "Lowani" kapena "Fikani". Muuzeni mwana wa ku pulayimale kuti amasulire yankho limenelo m'Chingerezi, adzalemba "Enter", chifukwa m'kope mwake muli mzere wonena kuti "enter" ndi kulowa. Aphunzitsi adzachonga. Koma Mngerezi akagogoda pachitseko n'kumva mawu ochokera mkati akuti "Enter!", amadziwa kuti mkatimo muli bwana wodzimva, kapena mnzake amene akuchita nthabwala yodziyesa mfumu. Wolandira mlendo ndi manja awiri amati "Come in".

Vuto lili pa mzere wa m'kope uja. Kuika mawu awiriawiri, la Chingerezi kumanzere la Chichewa kumanja, kumathandiza pa mayina a zinthu ngati khasu ndi mpando. Pa aneni kumasocheretsa, ndipo "enter" ndi mneni amene amaonetsa bwino kusochera kwake. Ndikuti mneni ameneyu tiziphunzitsa ngati mawu a mu ofesi, a kalaliki ndi a mlonda wa pachipata, omwe theka la ntchito yawo ndi kulemba osati kuyenda. Mbiri yake ndiyo ikutiuza zimenezi, ndipo mbiri imeneyi si yovuta moti mwana wa Fomu 1 sangaimve.

Angerezi akale anali ndi mneni wawowawo wa kulowa. Ankati "ingan", kuphatikiza "in" ndi "gan", yemwe lero ndi "go". Polowera ankati "ingang". Amene anayendako ku South Africa anawaonapo mawu amenewa pazitseko, olembedwa m'Chiafrikaans ndendende choncho, "ingang", ndipo ku Germany ndi "Eingang". Zilankhulo zimenezi ndi za mtundu umodzi. Chingerezi chokha ndicho chinataya mawuwo, n'kutsala ndi zidutswa zake zotembenuzidwa: "go in".

Chinachititsa ndi nkhondo. Pa 14 Okutobala 1066, William wa ku Normandy, kumpoto kwa France, anagonjetsa mfumu Harold ku Hastings n'kutenga ufumu wa England. Kwa zaka pafupifupi 300 zotsatira, kunyumba ya mfumu ndi m'mabwalo a milandu kunkamveka Chifalansa, m'tchalitchi ndi m'mabuku a boma munali Chilatini, ndipo Chingerezi chinatsala m'kamwa mwa olima, oweta nkhumba ndi ogulitsa pamsika. Mmalawi safunika kumufotokozera kwambiri dongosolo limeneli, chifukwa amalidziwa: chilankhulo china pa fomu ya boma, china pakhonde. Ngakhale mawu athu akuti khoti ndi jaji, omwe tinabwereka ku Chingerezi, Angerezi nawonso anachita kubwereka ku Chifalansa nthawi imeneyo.

"Enter" anabwera m'gulu lomwelo. Akuyamba kupezeka m'zolemba za Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, akulembedwa "entren", kuchokera ku Chifalansa "entrer". Afalansa anamulandira kuchokera ku Chilatini "intrare", yemwe tsinde lake ndi "intra", kutanthauza mkati. Ana ena a "intrare" ndi "entrar" wa Chipwitikizi ndi Chisipanishi komanso "entrare" wa Chitaliyana. Anzathu a ku Tete ndi ku Angónia amawerenga "entrada" pachitseko cha banki tsiku lililonse, osadziwa mwina kuti ndi m'bale wa batani lomwe amadina pakompyuta.

Kuchokera pamenepo Chingerezi chinakhala ndi mawu awiri pa zochita zambiri, lina la pakhomo, lina la pamaso pa akuluakulu. Kuyamba ndi "begin" komanso "commence". Kugula ndi "buy" komanso "purchase". Kulowa ndi "go in" komanso "enter". Tanthauzo limafanana koma zovala n'zosiyana, ndipo wovala jekete ndi tayi popita kudimba amasekedwa ngakhale kuti sanaphwanye lamulo lililonse. Mwana wolemba kuti mayi ake "entered the kitchen to cook nsima" sanalakwe galamala. Wangolankhula ngati wapolisi amene akulemba lipoti.

Pali lamulo lina la m'chaka cha 1362, nthawi ya mfumu Edward III, lomwe likuonetsa mneniyu ali pantchito yake yeniyeni. Anthu ankadandaula kuti sakumva zomwe zikunenedwa pa milandu yawo, choncho analamula kuti milandu izikambidwa ndi kuweruzidwa m'Chingerezi. Koma lamulo lomwelo linawonjezera kuti zokambidwazo zizilembedwa m'kaundula m'Chilatini, ndipo mneni amene ali pamenepo, lamulolo likamasuliridwa m'Chingerezi, ndi "entered". Choseketsa n'chakuti lamulo lolimbikitsa Chingerezilo linalembedwa m'Chifalansa. Kwa ife chofunika ndi ichi: pofika zaka za m'ma 1300, "enter" anali atayamba kale kutanthauza kulemba chinthu m'buku la boma. Palibe munthu akuyenda pamenepo. Chikuyenda ndi cholembera.

Tanthauzo lachiwirili Chichewa chili nalo, koma chinalipatsa mneni wina, kulemba. Timalembetsa mwana kusukulu, timalembetsa m'kaundula wa voti, timalembedwa ntchito. Tsiku loyamba la ntchito pa sabata timalitcha Lolemba, tsiku lomwe antchito ankalembedwa mayina, ndipo lomwe ankamasuka ndi Loweruka. Apa ndi pamene mzere wa m'kope uja umagwera. Mwana akakumana ndi chiganizo chakuti "The school entered forty candidates for the examination", mzere wake ukumuuza kuti sukulu inalowa mwa ana makumi anayi. Chiganizocho chikungonena kuti sukulu inalembetsa anawo mayeso, monga zimachitikira chaka chilichonse potumiza mayina ku MANEB.

Chomwe chimasokoneza n'chakuti Chichewa chimasintha mneni kuti chionetse amene akuchita. Ndikalowa, ndayenda ndine. Ndikalowetsa, chayenda ndi chinthu china, ine ndangochikankha. Ndikalowerera, ndadziika pa nkhani ya eni. Chingerezi sichisintha kanthu pa "enter". Mneni ndi yemweyo kaya munthu walowa m'chipinda kaya walemba dzina m'buku, ndipo chokuuza tanthauzo ndi dzina lomwe likubwera pambuyo pake. Likakhala malo, monga chipinda, dziko kapena mudzi, ndiye kulowa. Likakhala gulu kapena ntchito, monga ndale, usilikali kapena nyumba ya malamulo, ndiye kulowanso, ndipo apa zilankhulo ziwirizi zimagwirizana bwino. Likakhala dzina, nambala, tsiku kapena ndalama, ndiye kulemba. Likakhala mpikisano, ndiye kulembetsa kapena kupikisana nawo. Mwana akaphunzira kuyang'ana kutsogolo kwa mneni asanamasulire, theka la zolakwa zake latha.

Theka linalo ndi la kamawu kakang'ono kamene timakakamira kuika pakati. M'Chichewa sitilowa nyumba, timalowa m'nyumba. "M" ameneyu mwana safuna kumutaya, ndiye amalemba "enter in the house" kapena "enter into the house", ochonga mayeso n'kuthetha. Chingerezi cha lero chimafuna kuti malo abwere molunjika: "enter the house", "enter the country", "enter the room". Njira yosavuta yokumbukira ndi kumuuza mwana kuti "in" ali kale m'mimba mwa "enter", kuyambira kwa "intra" uja, choncho kumubwereza ndi kuthira mchere m'ndiwo zothira kale.

Koma tinene chilungamo, imeneyi ndi njira yokumbukira chabe, si chifukwa chenicheni. Afalansa ali ndi "in" yemweyo m'mimba mwa "entrer", komabe amati "entrer dans". Apwitikizi amati "entrar na casa". Pa nkhani iyi Chichewa chili mbali imodzi ndi Chifalansa ndi Chipwitikizi, ndipo chosiyana ndi anzake ndi Chingerezi. Ngakhale Chingerezicho sichinali chotero kale. Baibulo la King James la m'chaka cha 1611 ladzaza ndi "enter into" pa malo enieni. Salimo 100 ndime 4 likuti "Enter into his gates with thanksgiving". Agogo amene anaphunzira Chingerezi ku sukulu za mishoni, Baibulo limenelo lili m'manja, sankalakwitsa pamene ankati "enter into the house". Ankalankhula Chingerezi cha zaka 400 zapitazo. Mphunzitsi amene amadziwa zimenezi sangamuseke mwana, angomuuza kuti fashoni inasintha.

"Enter into" sanafe, anangosamukira ku zinthu zosagwirika. Masiku ano amayenda ndi pangano, mgwirizano, zokambirana ndi ubale: "enter into an agreement", "enter into negotiations". Womasulira asalembe kuti boma lalowa m'pangano, ngati kuti pangano ndi dzenje. Anene kuti boma lachita pangano, lasainirana mgwirizano, layamba zokambirana. Palinso "enter into force", mawu omwe atolankhani ena amawatembenuza kuti "walowa m'mphamvu", womvera wailesi n'kungoti kukamwa yasa. Tanthauzo lake ndi kuyamba kugwira ntchito, ndipo kusiyanitsa kumeneku kuli ndi phindu. Mgwirizano wa msika umodzi wa mayiko a mu Africa unasainidwa ku Kigali pa 21 Malichi 2018, koma unayamba kugwira ntchito pa 30 Meyi 2019, mayiko 22 atauvomereza kudzera m'njira za malamulo a kwawo. Pakati pa masiku awiriwa panadutsa miyezi yoposa 14 pamene panganolo linalipo papepala koma lisakumanga aliyense. Mtolankhani wosakaniza kusaina ndi "entry into force" wanamiza owerenga pa tsiku.

M'khoti ndi momwe mneniyu anakulira, ndipo mpaka lero ndi momwe amalemera kwambiri. Woimbidwa mlandu akafunsidwa ngati akuvomera kapena kukana, Chingerezi chimati "enter a plea". Iye sakulowa paliponse, wangoyankha, ndipo yankho lake lalembedwa m'buku la khoti. Akakhala chete, khoti limamulembera kuti wakana, ndipo mneni ndi "enter" yemweyo. Chigamulo nachonso chimachita "entered", kutanthauza kuti chalembedwa mwalamulo. Womasulira wa m'khoti amene angauze munthu wa kumudzi kuti "lowani m'dandaulo" wamusokoneza pa nthawi yomwe ufulu wake uli pachiswe. Funso lolondola ndi lomwe agogo athu ankafunsa pabwalo la mfumu: mukuuvomera mlanduwu kapena mukuukana?

Ngakhale pamene "enter" akutanthauza kulowa ndi thupi, malamulo amamupatsa malire omwe kulowa kwathu kulibe. Pa milandu yothyola nyumba, malamulo a dziko lino, omwe anachokera ku malamulo a Angerezi, amati munthu walowa pamene chiwalo chilichonse cha thupi lake, kapena mbali iliyonse ya chida chomwe akugwiritsa ntchito, yafika mkati mwa nyumbayo. Wakuba amene waima panja, watsegula zenera n'kupisa mtengo wa ngowe kuti akoke thalauza lokhala ndi foni m'thumba, walowa, ngakhale mapazi ake onse ali pabwalo. Mboni yolankhula Chichewa idzalumbira ndi mtima wonse kuti "sanalowe, anangopisa dzanja", ndipo idzakhala ikunena zoona m'Chichewa. Womasulira akangotembenuza kuti "he did not enter" osafotokoza za dzanjalo, wasintha umboni. Kuthyola nakonso sikufuna chitsulo kapena kuphwanya loko: kukankha chitseko chotseka koma chosakhoma n'kuthyola kale pamaso pa lamulo. Ndipo zikachitika usiku, mlandu umakula.

Kwa owerengera ndalama nkhani ndi yomweyo ya cholembera. "Entry" ndi mzere umodzi m'buku la ndalama, ndipo "double entry" ndi njira yolemba chochitika chilichonse kawiri, mbali yolandira ndi mbali yopereka. Luca Pacioli anaifotokoza m'buku lomwe linasindikizidwa ku Venice m'chaka cha 1494, ngakhale amalonda a ku Italy ankaigwiritsa ntchito iye asanalembe. Mwini golosale akagula shuga wa K50,000 ndi ndalama za m'kabati, amalemba K50,000 ku katundu wogulidwa ndi K50,000 yotuluka ku ndalama. Akalemba mbali imodzi yokha, mabuku sagwirizana pakutha pa mwezi. Wophunzira amene amamva "double entry" ngati kulowa kawiri amayamba phunziroli atasochera kale.

Koma pachipata cha dziko, kaya ku Mwanza, ku Dedza, ku Mchinji kapena ku Songwe, matanthauzo awiriwa amakumana pa tebulo limodzi. "Bill of entry" ndi pepala lolembapo katundu kuti a msonkho awerengere, pomwe "entry permit" ndi chilolezo choti munthu alowe. Pa viza, mawuwa amawerengedwa ngati ndalama. Viza ya Schengen, chigawo cha mayiko a ku Ulaya omwe amalandira viza imodzi, imalembedwa kuti ndi yolowera kamodzi, kawiri kapena kangapo. Wokhala ndi yolowera kamodzi angathe kuchoka ku France kupita ku Germany popanda vuto, chifukwa sanatuluke m'chigawocho. Koma akadumphira ku London, komwe kuli kunja kwa chigawocho, chilolezo chake chatha pomwepo ngakhale masiku atatsala ambiri, ndipo pobwerera ku Paris adzabwezedwa. Apa kuwerenga bwino kamawu kamodzi ndi mtengo wa tikiti ya ndege.

Malo amene Mmalawi wamba amakumana ndi mneniyu kawirikawiri masiku ano si khoti kapena chipata. Ndi pafoni. "Enter PIN", "Enter amount", "Enter recipient number": aliyense wotumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba amawerenga mawu amenewa kangapo pa sabata. Omasulira mauthenga a pamakina amagawanika. Ena amati "lowetsani", ena "lembani", ena "ikani". "Lowetsani nambala yachinsinsi" ikumveka ndipo yazolowereka, koma pa makina a ATM ili ndi ngozi yake, chifukwa pamenepo pali chinthu china cholowetsa ndi dzanja, chomwe ndi khadi. Chingerezi chimasiyanitsa: khadi ndi "insert", nambala ndi "enter". Tikagwiritsa ntchito "lowetsani" pa zonse ziwiri, tataya kusiyana komwe Chichewa chikanatha kusunga mosavuta. Khadi lowetsani, nambala lembani.

Ndipo kulemba kwa pamakina kuli ndi sitepe yomwe kulemba kwa papepala kulibe. Makina saona zomwe walemba mpaka utawauza kuti wamaliza. Ogula mayunitsi a magetsi amadziwa: umadina manambala 20 onse pamita, koma magetsi sabwera mpaka utadina batani lotsimikizira. Batani limeneli ndilo "Enter" pakompyuta. Choncho mawu amodzi akugwira ntchito ziwiri motsatizana, kulemba kenako kupereka. Pa nambala yachinsinsi ya SIM khadi, chomwe chimawerengedwa ngati kuyesa ndi kupereka kumeneku. Ukalakwitsa uli mkati molemba, fufuta, palibe chatayika. Ukapereka yolakwika katatu, foni imafuna nambala ina ya manambala 8 yotchedwa PUK, ndipo imeneyo ukailakwitsa kakhumi khadiyo yafa.

Batani lomwelo lili ndi dzina lachiwiri, "Return", lomwe likuchokera ku makina otayipira akale. Wotayipa akafika kumapeto kwa mzere ankakankha chogwirira chomwe chinkabweza chonyamula pepala ku chiyambi n'kukweza pepalalo mzere umodzi. N'chifukwa chake pabataniponso pali muvi wopindika, wotsika kenako wolozera kumanzere. Makompyuta a Apple anasunga dzina lakalelo pa batani lalikulu. Ntchito ziwirizi, kuyamba mzere watsopano ndi kupereka zomwe walemba, zinaunjikidwa pa batani limodzi, ndipo zolakwa zambiri za mu ofesi zimachokera pamenepo. Pa WhatsApp ya pakompyuta, wofuna kuyamba ndime yachiwiri akadina Enter uthenga umapita usanathe. Ayenera kudina Shift pamodzi ndi Enter. Mu Excel, Enter amatseka kabokosi n'kutsikira ka m'munsi, ndipo wofuna mzere wachiwiri m'kabokosi komweko adine Alt ndi Enter. Mu Word, alembi ambiri amadina Enter kakhumi kapena kuposa kuti afike patsamba latsopano. Tsiku lomwe wina adzawonjezera chiganizo chimodzi pamwamba, mitu yonse ya m'munsi imasuntha n'kukagwera pakati pa masamba. Ctrl ndi Enter amadula tsamba kamodzi, ndipo silisunthanso.

Ntchito yomwe pa zotsatsa amaitcha "data entry" ndi ukalaliki wa m'chaka cha 1362 uja utavala malaya atsopano, ndipo misampha yake ndi ya cholembera. Nambala ya foni yoyamba ndi 0 ukailemba mu Excel, 0 uja amasowa, chifukwa makinawo amaiona ngati nambala yowerengera. Nambala yotalika kuposa manambala 15, monga ya mayunitsi a magetsi ija, imadulidwa ndipo otsalawo amasanduka maziro osabwereranso. Mankhwala ake ndi kuuza kabokosiko kuti zolembedwamo ndi mawu usanayambe kulemba, kapena kuyamba ndi kachizindikiro ka mkodolero mmodzi wa pamwamba. Tsiku lolembedwa 03/04 ndi 3 Epulo kwa ife, koma kompyuta yotcheredwa mwa Chimereka imaliwerenga kuti 4 Malichi. Wolemba ntchito kalaliki wotere akufuna munthu wodziwa zimenezi, osati wodziwa kuti "enter" ndi kulowa.

Tikatembenuza nkhani, kuyambira ku Chichewa kupita ku Chingerezi, mzere wa m'kope uja umagwanso, mwinanso moposa. Kulowa kwathu ndi kotakata kuposa "enter". Dzuwa limalowa, koma m'Chingerezi limachita "set". Mfumu imalowa ufumu, mwana amalowa m'malo mwa malume ake, ndipo apa mawu ake ndi "succeed". Achinyamata amalowa m'banja, bizinesi imalowa pansi, malipiro amalowa pakutha pa mwezi, phazi limakana kulowa mu nsapato, mpira umalowa m'golo. Pa zambiri mwa zimenezi Mngerezi sanganene "enter" osadabwitsa anzake. Galimoto ndiye ili ndi zakezake: ife timakwera, iwo amati "get in" pa yaing'ono, "get on" pa basi, "board" pa ndege ndi sitima. Chikwangwani cha pamsewu chozungulira chofiira, chokhala ndi mzere woyera wopingasa, ndicho chimagwirizana ndi mzere wa m'kope popanda chotsutsa: "No entry", osalowa.

Wina anena kuti mbiri ya mawu ndi zokometsera za anthu ophunzira, mwana akufunika kukhoza mayeso basi. Koma mbiri ndi imene imamuthandiza kusiyanitsa abale enieni ndi ongofanana nkhope, ndipo mayeso amakonda kutchera pomwepo. "Entry", "entrance" ndi "entrant" ndi ana a nyumba imodzi ndi "enter". "Entertain" ndi "enterprise" si ana ake ngakhale akuyamba ndi zilembo zomwezo: chiyambi chawo ndi "entre" wa Chifalansa, kuchokera ku "inter" wa Chilatini, kutanthauza pakati. Ndi asuweni. Kusiyana kwa "inter" ndi "intra" ndi komwenso kukusiyanitsa intaneti, yolumikiza magulu a makompyuta osiyanasiyana, ndi "intranet", ya mkati mwa kampani imodzi. "Enteritis" wa kuchipatala akuchokera ku Chigiriki "enteron", matumbo, za mkati mwa munthu, ndipo ubale wake ndi wa kutali kwambiri. Mneni "inter", kuika maliro, ndi mlendo weniweni: muli "terra", nthaka. Ndipo "entrance" ndi mawu awiri olembedwa mofanana. Ukakweza mawu kumayambiriro ndi khomo, ukakweza kumapeto ndi kutenga mtima wa munthu mpaka kuiwala pomwe ali, kuchokera ku "trance".

Mbiri ili ndi malire ake, ndipo mphunzitsi asamuuze mwana kuti tanthauzo lakale ndilo loona. "Entrée" ndi chakudya cholowera, ndipo ku France chimabwera koyambirira. Ku America mawu omwewo amatanthauza mbale yaikulu ya pakati. Woitanitsa ku New York amene watsamira pa tsinde la mawu adzalandira nyama yodzaza mbale pomwe amayembekezera kamsuzi. Tsinde limakuuza komwe mawu achokera, koma komwe afika umafunsa eni dera.

Ana a sekondale amakumananso ndi "enter" wina wachilendo m'masewero a Shakespeare. Macbeth amayamba ndi malangizo akuti "Enter three Witches". Mneni ali patsogolo, ochita ali pambuyo, ndipo ngakhale wolowa akhale mmodzi salandira "s" kumapeto: ndi "Enter Macbeth", osati "Enters". Si chiganizo chofotokoza, ndi langizo kwa ochita sewero, ngati kunena kuti "apa alowe Macbeth". Chichewa chili ndi kanenedwe kameneka kale, ndipo "alowe" akumasulira bwino kuposa "akulowa". Mnzake wotulukira sanadutse n'komwe ku France. "Exit" ndi Chilatini chosasintha, kutanthauza "atuluka", ndipo akakhala ambiri ndi "exeunt". Choncho zikwangwani ziwiri zomwe timaziona moyang'anizana pa chipatala kapena pa malo omwetsera mafuta zinafika m'Chingerezi m'njira zosiyana, china kudzera m'kamwa mwa Afalansa, china kuchokera m'mabuku.

Pali ena amene amati Chingerezi cha ku Malawi chili ndi ufulu wokhala ndi kanenedwe kake, monga cha ku Nigeria kapena ku India, ndipo "enter in the house" tingomusiya. Pocheza pa minibasi palibe angatsutse, ndipo chilankhulo chilichonse chimasintha chikafika kwa eni atsopano, monga "intrare" anasinthira pakamwa pa Afalansa. Koma wochonga mayeso a MSCE, wolemba pangano la ngongole ndi mkulu wa pachipata cha dziko la eni sawerenga Chingerezi cha pa minibasi. Kumubisira mwana kusiyana kumeneku m'dzina la ufulu ndi kumutumiza kunkhondo ndi mpini wopanda khasu.

Chomwe chingasinthe m'kalasi n'chochepa ndipo sichifuna buku latsopano. M'malo mwa mzere umodzi, mphunzitsi alembe pabolodi ziganizo zisanu ndi chimodzi zokhala ndi "enter": cha chipinda, cha ndale, cha dzina m'kaundula, cha nambala yachinsinsi, cha pangano ndi cha mpikisano. Ana amasulire chilichonse m'Chichewa chomwe angalankhule kwa agogo awo, kenako awerenge kuti kulowa wapezeka kangati. Adzamupeza kawiri. Tsiku lotsatira atembenuze: dzuwa lalowa, walowa ufumu, malipiro alowa, nsapato sikulowa, walowa m'banja, lowani alendo. Pamenepo "enter" sapezeka ngakhale kamodzi, ndipo pa chiganizo chomalizacho mwana alembe "Come in".